Bwanji chitetezo cha m'thupi chimalekerera khansa?

Mayi wina wanditumizira imelo. Achimwene ake awapeza ndi khansa ya m'mapapo, ndiye akufunsa kuti: "Ngati thupi lili ndi asilikali olimbana ndi matenda, bwanji akungoyang'ana chotupa chikukula? Kodi tigule mankhwala owonjezera chitetezo?"

Pepani kwambiri mayi ndi matendawa. Asilikaliwo sikuti amagona ayi. Maselo a chitetezo otchedwa T amazungulira thupi lonse, ndipo maselo ambiri amene ayamba kusokonekera amaphedwa ife osadziwa. Chotupa chimene chimaoneka pa sikani chimachokera ku maselo amene anapulumuka.

Selo labwinobwino limaonetsa kunja kwake tizidutswa ta mapuloteni amene lili nawo mkati, ndipo selo la T likaona kachilendo, limapha selolo. Maselo ena a khansa amangosiya kuonetsa tizidutswato.

Koma njira imene imandiwawa kwambiri ndi iyi. Selo la T lili ndi mabuleki oliletsa kuwononga ziwalo zathu zomwe. Amodzi mwa mabulekiwa ndi PD-1, amene Tasuku Honjo wa ku Japan anawatulukira mu 1992. Chotupa chimapanga puloteni ya PD-L1 yambiri, yomwe ikangogundana ndi PD-1, selo la T limafooka pomwepo. Lafika pachotupa, mdani lamuzindikira, koma silingamukhudze.

Apa ndi pamene pagona mankhwala atsopano. James Allison wa ku America anaonetsa kuti kumasula mabuleki ena, a CTLA-4, kumachititsa maselo a T kuukira chotupa. Mankhwala a ipilimumab, omasula mabuleki a CTLA-4, anavomerezedwa ku America mu 2011 pa khansa yapakhungu ya melanoma, kenako mu 2014 kunabwera pembrolizumab ndi nivolumab, omasula mabuleki a PD-1. Allison ndi Honjo analandira mphoto ya Nobel mu 2018. Odwala ena a melanoma yofalikira, amene kale sakanakhalitsa, akhala ndi moyo zaka zoposa 10.

Komabe ambiri mankhwalawa sawathandiza, ndipo chitetezo chikamasulidwa chimatha kutupitsa matumbo, chiwindi kapena mapapo. Palinso CAR-T, yovomerezedwa mu 2017: amatenga maselo a T m'magazi a wodwala, kuwasintha mu labotale, n'kuwabwezera m'thupi. Yathandiza pa khansa zina za m'magazi, koma pa zotupa ngati za m'mapapo ikadali pa kafukufuku.

Za mankhwala owonjezera chitetezowo, mayi, sungani ndalama zanu. Palibe botolo la zitsamba kapena mavitamini limene lingamasule mabuleki amene chotupa chaponda, ndipo zina zimasokoneza mankhwala akuchipatala. Mukapita kwa adokotala, funsani mtundu weniweni wa khansa ya achimwene anu, komanso ngati kanyama kamene anadula pachotupa kangayezedwe PD-L1, chifukwa zotsatira zake zimathandiza kusankha mankhwala.