Buku la mkulu wa mpingo ndi mtengo wa maola anu

Funso: Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Mufakose mumzinda wa Harare, ku Zimbabwe. Ndinasiya uphunzitsi, pano ndimakonza mabuku a nthano a olemba ena ndili pakhomo. Ntchito ilipo koma ndalama sizioneka: buku la mawu 80,000 ndinalandirapo $150. Lamulungu limandipeza pa kompyuta, ku Chigwirizano ndinaleka kupita, ndipo bambo akunyumba ayamba kudandaula. Mkulu wina wa mpingo wathu wabweretsa buku lake kuti ndimukonzere "mwachisomo". Wolemba winanso wanditumizira nthano yodzaza zaufiti ndi zakuchipinda. Nditani?

Yankho: Mayi, tiyambire pa $150 ija, chifukwa zambiri mwa zomwe mwatchulazi zaphukira pamenepo. Wokonza buku mosamala, chiganizo ndi chiganizo, sathamanga. Tiyerekeze kuti pa ola mumatha mawu 1,500. Buku limenelo linakudyerani maola oposa 50, ndipo tikaonjezera kulibwereza wolemba atasintha zomwe munamuuza, tingoti 60. Ndiye kuti ola lanu munaligulitsa $2.50, musanachotsepo ya intaneti ndi ya magetsi. Pa mtengo wotere, lendi ndi fizi ya ana zingakwane pokhapokha mugwire usiku ndi Lamulungu lomwe. Chimene chikukukhazikani pa kompyuta anzanu akuimba m'tchalitchi ndi mtengo wanu womwewo.

Lekani kutchula mtengo wa "buku". Mayi wogulitsa tomato ku Mbare Musika satchula mtengo asanaone kukula kwa bokosi. Tchulani mtengo wa mawu 1,000 aliwonse, ndipo musautchule musanakonze masamba angapo a bukulo mukuyang'ana wotchi, poti wolemba wina Chingerezi chake n'chosalala pamene wina mumachita kumanganso chiganizo chilichonse. Musiyanitsenso ntchito. Kuunika mafupa a nthano, ngati ikuyenda, ngati anthu ake akukhulupirika, ngati mutu wa 12 ukufunikadi, ndi ntchito ina. Kuwongola ziganizo ndi ina. Kusaka zolakwika za kalembedwe buku lili pafupi kusindikizidwa ndi inanso, yotsikirako mtengo. Olemba ambiri amalipira yotsirizayi koma akuyembekezera zonse zitatu.

Theka la ndalama lilowe musanatsegule buku, lotsala musanalibweze. Mgwirizano ulembedwe, ngakhale pa WhatsApp, ndipo utchule ndalama yake. Amene anagwirizana mtengo mu ZiG, ndalama ya ku Zimbabwe, kumayambiriro kwa September 2024 amakumbukira zimene zinachitika mwezi womwewo usanathe, pamene ndalamayi inagwetsedwa mphamvu. Ntchito yotenga milungu ingapo itchuleni m'madola a America. Muwerengeretu zodulidwa pa EcoCash kapena InnBucks, njira zotumizira ndalama pa foni, kuphatikizapo msonkho wa potumiza ndalama. Olemba a ku Johannesburg kapena London angakulipireni kudzera pa Mukuru, WorldRemit kapena Western Union. Mukapeza ntchito pa intaneti kudzera pa Fiverr, dziwani kuti amadulapo 20 peresenti. Zonse zolowa ndi zotuluka zilembeni m'kope, lidzakuthandizani nkhani ya ZIMRA, bungwe lotolera msonkho, ikafika.

Mu mgwirizano womwewo lembanimo masiku anu. "Sindigwira ntchito Lamulungu ndi Lachinayi masana." Basi, osapepesa. Tsiku lobweza buku muliwerengere masiku amenewo atachotsedwa kale, muonjezerepo ena a kuzima kwa magetsi ndi a maliro, poti kwathu kuno maliro sagogoda. Wolemba amene mwamuuza milungu isanu ndi umodzi pachiyambi sadandaula. Amadandaula ndi uja munamulonjeza inayi n'kumupatsa pa yachisanu ndi chimodzi.

Tsopano za mkulu wa mpingo. Apa ndi povuta, ndikudziwa, chifukwa mudzakumana nawo Lamulungu lililonse. Koma taganizani: buku lawolo likatha adzapita nalo kwa wosindikiza, ndipo kumeneko chisomo sichidzatchulidwa n'komwe, adzatulutsa madola. Nanga bwanji thukuta lanu lokha likhale laulere? Pa 1 Timoteo 5:18 Paulo anakumbutsa kuti wantchito ayenera malipiro ake, ndipo mkulu wa mpingo vesi limeneli amalidziwa kuposa ine. Sindikuti musapereke. Ngati mtima wanu ukufuna kutumikira ndi luso lanu, khalani pansi ndi bambo akunyumba musankhe: mwina buku limodzi pa chaka, m'miyezi imene ntchito yachepa. Mkuluyo muwalembere mtengo wonse papepala, pansi pake mulembe zimene mwawachotsera ngati mphatso. Akaona kuti mwawapatsa chinthu cha madola mazana angapo, sadzakutumiziraninso anzawo atatu mwezi wamawa. Mukapanda kutero, mbiri idzamveka kuyambira ku Mufakose mpaka ku Mabvuku kuti kuli mlongo wokonza mabuku ulele.

Za nthano yaufiti ndi zakuchipinda, ufulu wokana muli nawo, ndipo bizinesi siifa chifukwa chokana buku limodzi. Komabe muyambe mwaona chimene bukulo likuchita. Baibulo lomwe limasimba za Sauli kwa wobwebweta wa ku Endori ndi za Davide ndi Batiseba, mosabisa. Nthano yoonetsa choipa ndi zotsatira zake imasiyana ndi yolembedwa kuti ingotenthetsa thupi. Malire ake mudziikire nokha, muwalembe m'mizere iwiri, ndipo aliyense aziwaona asanalipire. Muzipempha chidule cha nthano ndi mutu umodzi wa pakati, poti mutu woyamba nthawi zambiri umakhala wofatsa. Chimene simuyenera kuchita ndi kulandira ndalama kenako n'kumafufuta mwakachetechete ndime zimene simukugwirizana nazo. Bukulo ndi la mwini wake, ndipo mbiri yoti mumasintha nthano za anthu ingakutsekereni makomo ambiri.

Wolemba ameneyu muyankheni sabata ino, musamusunge. Mukakana, mutchulireni wokonza wina amene angaitenge, ndipo mnzanuyo mumuuze kuti akapeza buku la maumboni kapena nthano yachikhristu imene iye saikonda, azikutumizirani inuyo.