Funsani za Kompyuta: Batani la Mitengo Lasiya Kugwira Ntchito

Funso: Ndimakonza tsamba la pa intaneti la gulu lathu la alimi a soya ndi mtedza. Pulogalamu ya Python imatulutsa masamba a mitengo, kenako ina yogwiritsa ntchito lxml (chida cha Python chowerengera ndi kusintha masamba a HTML ndi XML) imawadutsamo kukonza malemba. Chiyambireni zimenezi, batani lowerengera ndalama za matumba langoti zii. Ndalakwitsa pati? Mlimi wachinyamata, Santhe, Kasungu.

Yankho: Achimwene, tsegulani tsamba lotulukalo muyang'ane mkati mwa <script>. Pomwe munalemba && mwina mupezapo &amp;&amp;, ndipo < wasanduka &lt;. Inenso zinandionekerapo, ndinachezera usiku wonse ndikufufuza JavaScript (code ya mu script, yomwe imayendetsa batani) yomwe inalibe vuto lililonse.

Chimachitika n'chakuti etree.tostring, lamulo la lxml lolembera tsamba lotuluka, mukapanda kuiuza, imalemba tsamba ngati XML, n'kusintha zizindikiro zimenezo paliponse. M'ndime wamba palibe chovuta, browser (pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti) imazibwezeretsa. Koma zamkati mwa script imaziwerenga momwe zilili, osamasulira kanthu, ndiye code yanu imafera pomwepo. Onjezani method="html" mu etree.tostring basi.

Pokonza malemba, pulogalamu yanu izidumpha script ndi style. Musazifufuze ndi regex (njira yosakira malemba potsata kapangidwe kake), mudzalira.

Samalaninso ndi ichi: browser imatseka script ikangoona </script> woyamba, ngakhale ali mkati mwa mawu ogwidwa. Ngati mumaika mitengo ngati JSON (kalembedwe ka deta) mkati mwa script m'tsambamo, lembani \u003c m'malo mwa <.

Ine ndikanakhala inu, code yowerengera matumbayo ndikanaisamutsira mu fayilo yakeyake ya .js nyengo yogulitsa isanafike.