Mwana wobadwira ku Joni uja ndi Mmalawi, koma pepala lake lili kuti?

Imelo yanu ndaiwerenga katatu achemwali, kachitatuko ndinachita kuika foni pansi kaye. Mwati mwana wanu anabadwira ku Johannesburg, ali ndi zaka zitatu, alibe chiphaso chilichonse kupatula khadi la sikelo, nde mukufunsa kuti ndi nzika ya kuti komanso mupita naye bwanji kumudzi.

Ine zimenezi zinandionekera. Mwana wanga woyamba ndinachira ndili ku Joni komweko masiku a mu pasipoti atatha kalekale, kuchipatala atandipatsa kapepala ka umboni woti mwana wabadwa nkundiuza kuti ndikamulembetse pasanathe masiku 30 mtima unangoti myuu, ndinkaona ngati ndikangoponda mu ofesi ya boma basi ndikadzidzimukira ku Lindela, komwe amasungirako anthu oti abwezedwe kwawo. Kapepalako ndinakapinda kanayi nkukaika mu jumbo ya shuga limodzi ndi khadi la sikelo, pansi pa matiresi. Bambo ake ankangoti tidzaona. Anzanga akutchalitchi nawonso amvekere osadandaula iwe, wabadwira kuno ameneyu ndi sitizeni kale.

Kenako mayi anga anadwala ku Ntcheu. Kukafunsa za basi, funso loyamba linali pasipoti ya mwana ili kuti. Kumusiya ndi aneba sindikanatha chifukwa munthu wopitiriza masiku a mu pasipoti ndi masiku oposa 30 akamatuluka amamuletsa kulowanso kwa zaka zisanu, nde ndikanamusiya khanda loyamwa tsidya lina ine tsidya lina. Ndinakhala. Maliro ndinawamvera pafoni mchemwali wanga atakweza foni m'mwamba kuti ndimve nyimbo za amayi a mvano. Nditadzafika kumudzi patapita nthawi anandipatsa chitenje chatsopano chisanachapidwe nkomwe, akuti mayi anagula kuti adzaberekere mdzukulu wawo.

Nchifukwa chake bodza loti wabadwira kuno ndi sitizeni limandipsetsa mtima kwambiri. South Africa sipereka unzika chifukwa choti mchombo wagwera pa nthaka yawo ayi, pamafunika kholo limodzi likhale nzika ya konko. Khomo lina lilipo, mwana wa makolo obwera amene wakhala konko kuyambira pobadwa mpaka zaka 18 amatha kupempha unzika, koma lamulo lomwelo limati kubadwa kwake kukhale kuti kunalembetsedwa. Nde tikamabisa mwana pansi pa matiresi tikumutsekera ngakhale kakhomo kamodzi komweko. Ndipo sukulu ikubwera, adzafuna setifiketi, mayeso a matric, omalizira sekondale konko, adzafunanso pepala.

Kwathu kuno nkhani yake njosavuta, mwana wobadwira kunja ndi Mmalawi kuyambira tsiku lobadwa ngati bambo kapena mayi ake ali Mmalawi wobadwa nawo unzikawo. Mayinso, mvetsani bwino pamenepa. Amayi ambiri akhala phee zaka ndi zaka kudikira bambo amene anasamukira ku Cape Town nkusintha nambala, kumaganiza kuti popanda iwo mwana sangatchedwe Mmalawi. Azibambo inu zoberekera mwana kenako nkuthawa ndi pasipoti yanu m'thumba osasiya ngakhale fotokope ndi nkhanza, palibe dzina lina. Ndipo ngati bamboyo ndi wa ku South Africa, aphungu athu anavomereza unzika wa mayiko awiri mu 2018, zakale zomukakamiza mwana kusankha mbali imodzi akafika zaka 21 zija sizili chimodzimodzinso.

China chomwe ndimadana nacho ndi ichi chomulembetsa mwana m'dzina la neba wa konko kuti muzigawana ka grant, kandalama ka boma kothandizira ana. Pa pepala mwanayo si wanunso! Tsiku lomwe mudzayambane ndi nebayo, kapena adzamwalire, mudzanena chani? Pa boda mudzakhala ngati mwaba mwana wa eni pomwe munamva kuwawa ndinu. Chimodzimodzi zomupereka mwana kwa ma transporter kuti akadutse naye mozemba, ulendo wake uja mukuudziwa, Beitbridge, Nyamapanda, kudutsa Tete mpaka Zobue kenako Mwanza kapena kukhotera ku Dedza, mayiko anayi, mwana wa zaka zitatu ali m'manja mwa munthu amene mwangodziwana naye pa Park Station pokwerera mabasi ku Joni. Katundu mutha kutumiza choncho, mwana ayi.

Nde muchite chani

Yambani ndi setifiketi ya kubadwa ku Home Affairs, ofesi ya boma la South Africa yolembetsa kubadwa. Masiku 30 anadutsa koma kulembetsa mochedwa kulipo, kungoti amafunsa zambiri. Tengani kapepala kakuchipatala, khadi la sikelo ndi pasipoti yanu. Mu 2018 khoti lalikulu ku Grahamstown linagamula kuti kusowa pemiti kwa kholo kusalepheretse mwana kulembetsedwa, zikavuta a Lawyers for Human Rights amathandiza nkhani zoterezi. Setifiketiyo siimusandutsa wa ku South Africa, ndi umboni chabe wa komwe anabadwira ndi makolo ake. Mukaipeza pitani nayo ku ofesi ya kazembe wathu ku Johannesburg kapena ku Pretoria pamodzi ndi ID yanu ya NRB ndi pasipoti, mukafunse pasipoti ya mwana kapena chikalata choyendera cha ulendo umodzi wopita kwathu, zotsala mudzamalizitsa ku Immigration ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu kapena Mangochi. Dzina liyang'anitsitseni musanachoke pa kauntala, lifanane chilembo ndi chilembo pa mapepala onse.

Simunandiuze ngati kapepala kakuchipatala kaja mukadali nako. Kayang'aneni lero lomwe, ngati kanatayika bwererani kuchipatala komwe munachirira ndi khadi la sikelolo akakufufuzireni m'kaundula wawo. Mundilemberenso mundiuze ngati bambo ake alipo, chifukwa ngati alipo ndi bwino akulembereni kalata yolumbira yovomereza kuti muyende ndi mwanayo musanagule tikiti.