Yankho kwa mayi amene akuitanitsa zikwama ku China

Mayi, mwafunsa chifukwa chimene wogulitsa wa pa Alibaba, msika wa pa intaneti wa ku China, wakutchulirani mtengo wotumizira katundu woposa mtengo wa zikwama zimene mukufuna kuoda, komanso ngati pali njira yotsikirako mtengo kusiyana ndi DHL yofikitsira katunduyo ku Lilongwe. Njira zilipo, ndipo sindikuganiza kuti wogulitsayo akukuberani, koma musanasankhe iliyonse muyenera kudziwa mmene onyamula katundu amawerengera ndalama zawo.

Katundu wa pa ndege salipiridwa potengera sikelo yokha. Amayeza katoni mulitali, mulifupi ndi msinkhu wake m'masentimita, n'kuchulukitsa manambala atatuwo, kenako makampani ngati DHL amagawa ndi 5,000, ndipo nambala imene yatuluka amaitenga ngati makilogalamu. Akatero amayerekeza ndi zimene sikelo yaonetsa, n'kukulipiritsani chimene chili chachikulu. Tiyerekeze kuti katoni yanu ndi ya masentimita 60, 40 ndi 40, ndipo pa sikelo ikulemera makilogalamu 8 okha. Mwa mawerengedwe awa katoniyo ikwana makilogalamu 19.2, ndipo amenewo ndi amene mudzalipire. Zikwama zimapweteka kwambiri pa nkhani imeneyi chifukwa ku fakitale amazidzaza mapepala kapena timapulasitiki tampweya kuti zisafwanyike, mwina chilichonse n'kuchiikanso m'bokosi lakelake, choncho gawo lalikulu la ndalama zanu likupita ponyamula mpweya. Muuzeni wogulitsayo achotse zodzazirazo, aphwatalitse zimene zingaphwatalale, zazing'ono azilowetse m'zazikulu, ndipo akutumizireni chithunzi cha katoni ili pa sikelo pamodzi ndi miyezo yake. Popanda miyezo imeneyi palibe amene angakuuzeni mtengo woona.

Amalonda ambiri a kuno salola wogulitsa kuwatumizira yekha katundu. Amagwiritsa ntchito maajenti amene ali ndi nyumba zosungiramo katundu ku Guangzhou kapena ku Yiwu, omwe amasonkhanitsa makatoni a anthu ambiri n'kuwatumiza pamodzi. Inu mumangopereka adiresi ya ajentiyo kwa wogulitsa, ndipo wogulitsa amalipiritsa ndalama zochepa za ulendo wa m'dziko la China momwemo. Onetsetsani kuti pa katoni iliyonse palembedwa dzina lanu, nambala yanu ya foni ndi mawu akuti Lilongwe, chifukwa katoni yopanda chizindikiro imatha kukhala pakona miyezi osadziwika mwini wake. Ajenti akatumiza pa ndege amalipiritsa pa kilogalamu, katundu amadzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi n'kutsikira pa bwalo la ndege la Kamuzu, ndipo kawirikawiri zimatenga sabata imodzi kapena ziwiri. Akatumiza pa sitima yapamadzi amalipiritsa potengera malo amene katundu watenga m'kontena, muyezo umene amautchula kuti CBM. Katoni tayerekeza ija ndi 0.096 CBM, kutanthauza kuti makatoni khumi otero sakwanabe CBM imodzi. Kutsika mtengo kwa njirayi mumakulipira ndi nthawi, pakuti dziko lathu lilibe doko, ndipo kontena ikatsika ku Dar es Salaam iyenera kuyenda pa thiraki mpaka kudzalowa pa chipata cha Songwe, kapena ikatsika ku Beira idzalowera ku Mwanza kapena ku Dedza. Muwerengere miyezi iwiri kapena itatu, nthawi zina kuposerapo ngati pa doko pali mzere.

Funso limene muyenera kufunsa ajenti aliyense, ndipo yankho lake likhale lolembedwa, ndi lakuti kodi mtengo wakewo ukuphatikizapo msonkho wa MRA kapena ayi. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Bungwe la MRA siliwerengera msonkho pa mtengo wa katundu wokha, koma limaphatikiza mtengo wogulira, ndalama zonyamulira ndi za inshuwalansi, ndipo VAT imadzabwera pamwamba pa zonsezo msonkho wolowetsera katundu utawonjezedwa kale. Izi zikutanthauza kuti mukasankha njira yodula yonyamulira, msonkho nawonso umakwera. Mtengo wa DHL umene wogulitsa wakupatsaniwo n'kutheka kuti mulibe msonkho, ndiye mudzaimbiridwa foni katundu atafika kale kuti mukalipire musanamutenge. Yang'anani zilembo zimene zili pa invoyisi. EXW ikutanthauza kuti udindo wa wogulitsa ukuthera pakhomo la fakitale yake, FOB ikutanthauza kuti afikitsa katundu m'sitima pa doko la kwawo, pomwe DDP yokha ndi imene imati iye walipira zonse, msonkho womwe, mpaka katundu afike kwa inu. Wogulitsa akakuuzani kuti alemba mtengo wochepa pa invoyisi kuti msonkho utsike, mukane, chifukwa a MRA ali ndi mphamvu yoika mtengo wawo, kukulipiritsani chindapusa, ngakhale kulanda katunduyo. Zikwama zokhala ndi mayina a makampani otchuka koma zili zachinyengo nazonso zitha kugwidwa panjira.

Ena amatchula zotumiza kwaulere za pa AliExpress, msika wina wa pa intaneti. Zimenezo zimathandiza mukafuna chikwama chimodzi chokha choti muone kasokedwe ndi zipi yake, koma nthawi zambiri zimadzera ku positi ofesi, zimachedwa, ndipo nambala yolondolera imatha kusiya kuonetsa pamene phukusi lili likangotuluka m'China. Pa malonda sindingazidalire.

Pa nkhani yolipira, musatuluke pa Alibaba n'kukatumiza ndalama ku akaunti imene mwapatsidwa pa WhatsApp, chifukwa chitetezo chimene a Alibaba amapereka kwa ogula, chotchedwa Trade Assurance, chimagwira ntchito pa ndalama zimene zadzera mwa iwo okha. Dziwaninso kuti katundu akangolandiridwa ndi ajenti wanu, wogulitsa amanena kuti wamaliza mbali yake, choncho pemphani ajentiyo atsegule katoni, awerenge zikwama, ajambule mitundu yake katundu asanachoke, pamene kubweza kukadali kotheka. Maajenti ambiri amatchula mitengo m'madola koma mumalipira katundu akafika, ndipo amene anali ndi makatoni panyanja mu Novembala 2023, pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, anapeza kuti phindu limene anawerengera lathera panjira. Mufunseni ajentiyo kuti adzasinthira dola pa mtengo uti, wa ku banki kapena wina, popeza masiku ano kusiyana kwa iwiriyo n'kwakukulu.

Maganizo anga ndi akuti, poti uwu ndi ulendo wanu woyamba, muode zochepa n'kuzitumiza pa ndege kudzera kwa ajenti amene ali ndi ofesi yoti mukhoza kukafikapo ku Lilongwe konko, ndipo mukaona kuti zikuyenda malonda mudzayambe za kontena. Pamapeto pake phatikizani mtengo wogulira, zonyamulira, msonkho ndi zimene banki idzadula pa khadi lanu, mugawe ndi chiwerengero cha zikwama, n'kuyerekeza ndi mtengo umene zikwama zotero zikugulitsidwa mu Area 2. Ngati mukufuna katundu wa Khrisimasi pa sitima, achoke m'China Seputembala asanathe, chifukwa sabata yoyamba ya Okutobala kumakhala tchuthi cha dziko lonse, ndipo chakumapeto kwa Januwale kapena mu Febuluwale mafakitale amatseka masabata angapo pokondwerera chaka chatsopano cha kwawo.