Penti iyambe yadikira, msuweni

Halo... ikujambula kodi? Eya, ikuyenda. Moni nonse m'gulu muno. Azakhali a ku Area 25 ndakuonani muli pa intaneti chiyambire m'mawa, koma uthenga wanga wa Lachiwiri uja kuli zii. Chabwino, tionana ku chinkhoswe.

Msuweni, funso lako ndaliona. Ima kaye ndiliwerenge momwe walembera, ndingakunamizire. Wati, "Asuweni, kodi penti yabwino yophera nguwi zakuda zija m'chipinda cha amayi ku Machinjiri ndi iti? Tinapaka chaka chatha koma zabwereranso. Nditumize zingati?" Ndiye kumapeto waikako tinkhope tolira.

Mmm. Iwe ndakuona ukukula, sukulu ndinkakuperekeza pa njinga ine. Ukalemba kuti "zabwereranso" pagulu pomwe mlongo wako alipo, m'malo mondiimbira ine pandekha, si penti imene ukufunsa ayi. Ukufunsa ngati ndalama zako za ku Joni zija zinalowadi m'khoma, kapena zina zinakhotera kwina. Usakane. Mlongo wakoyo wawerenga, ndaona, wangoti phee.

Ndifika kumeneko. Koma ndiyambe ndakuuza za amalume a ku Zomba, bambo ako aang'ono, chifukwa nthawi imene zinkachitika iwe unali utangonyamuka kumene, unangomva mutu wake wokha.

Atapuma pa ntchito, ndalama zija atalandira, anakonzetsa nyumba, kuika bafa ndi chimbudzi cha madzi m'kati. Ankati munthu wa msinkhu wawo sangamatuluke usiku ndi tochi. Patapita miyezi, khoma la kuchipinda kwawo, cha kumutu kwa bedi, layamba kuda. Kachigamba kakang'ono kaye, kenako kukula, kukula. Masuti awo a ku tchalitchi kununkha chinyontho mu wodiropu, nsapato zachikopa zija ankapukuta Loweruka lililonse kuchita kubiriwira. Amalume mumawadziwa, safunsa munthu. Anangoti ndi denga. Ndipo ku Zomba, m'munsi mwa phiri muja, mvula ndi yambiri, ndiye akanawatsutsa ndani? Anasasula malata mbali yonseyo, malata abwinobwino, n'kugula atsopano a geji 28. Ankatchula mokweza kuti aliyense amve kuti si 32 ya anthu wamba. Akale aja ndi amene anafolera khola la nkhumba kwa agogo. Eya, omwe aja, amene mumajambulirapo zithunzi pa Khirisimasi.

Khoma osauma. Ndiye anagula penti ya mafuta, yonyezimira ija, kupaka kawiri. Kwa kanthawi inawaladi, amalume mpaka kumalowetsa alendo kuchipinda kuti aone. Kenako penti ija inayamba kutupa ngati mandasi m'mafuta, ukaboola ndi chikhadabo timadzi n'kutuluka. Apa mpamene nkhani inasintha. Amalume anayamba kunena kuti zimenezi si zachabe, pakuti anali atakangana ndi a neba pa za malire, nkhani ya mtengo wa mapeyala ija. Anasiya kuyankhulana nawo. Anaitana akulu a mpingo kudzapemphera m'chipindamo. Anabwera, anapemphera, anamwa tiyi wa mkaka ndi buledi wopaka, anapita. Khoma lili chinyowere.

Pamene zonsezi zikuchitika, bilu ya madzi ikungokwera. Amalume osaganiza n'komwe kuti ziwirizi n'zogwirizana. Mlandu anaupereka kwa adzukulu, akuti amachedwa m'bafa. Mpaka kugula loko, kukhoma mpopi wa panja, kiyi m'thumba la jekete. Inu amene munali kumeneko holide ija mukukumbukira. Wina ali m'gulu momwemuno anasamba madzi a m'ketulo, sinditchula dzina, pano ndi bwana ku Lilongwe.

Anawapulumutsa ndi kamnyamata ka upulambala, kobwera kudzakonza thanki ya chimbudzi, nkhani ina ndithu. Podutsa kanaona khoma lija, n'kufunsa kuti, "Bwana, mvula yomaliza inagwa liti kuno?" Umenewo unali mwezi wa Seputembala... ayi, Okutobala, chifukwa mango anali atayamba, dzuwa likuswa mtengo. Kwa miyezi yambiri kunalibe mvula yoti n'kunyowetsa khoma, koma khoma lili lonyowa ndithu ukaligwira. Denga lingadonthe bwanji kopanda mvula? Amalume akuti anatsegula pakamwa n'kutsekanso. Ndiye kamnyamata kaja kanati tsekani mipopi yonse, munthu asagwire madzi. Kutuluka panja, kuyang'ana pa mita. Kagudumu kakang'ono ka pa mita kaja kakuzungulirabe. Pang'onopang'ono, koma kakuzungulira.

Anagumula pulasitala. Paipi ya pulasitiki yopita ku shawa inadutsa m'khoma lomwelo, ndipo pakati pake pali msomali. Msomali wa chiyani? Hehehe... dikira ndimalize kuseka. Wa chithunzi chija! Chithunzi cha tsiku lotsanzikana ku ntchito, atavala tayi yofiira, akugwirana chanza ndi abwana awo. Anakhoma okha, ndi hamala yawo, atakana kuti mwana awathandize. Msomaliwo unaboola paipi n'kukhala momwemo, wotseka bowo lake lomwe, ndiye madzi sankathovoka kuti munthu aone. Ankangotuluka pang'onopang'ono, usana ndi usiku, njerwa n'kumamwa. Kukonza kwake kachidutswa ka paipi ndi zolumikizira ziwiri, basi. Malata aja, penti ija, tiyi wa akulu a mpingo, udani ndi a neba. Mpaka lero ukawafunsa amati wolakwa ndi pulambala woyamba, anadutsitsa paipi pamalo pa chithunzi. Amalume, ngati mwamvera mpaka apa, ine ndangofotokoza mbiri, musandichotse pagulu.

Aaa, ndinali pati? Eya, khoma la amayi ako.

Za mlongo wako ndiyankhiretu. Pepala lakuda lija la DPC, loyala pamwamba pa maziko kuti chinyontho cha pansi chisakwere m'njerwa, linayalidwa. Ndinalipo tsiku limenelo, ndinaliona ndi maso angawa. Zina sindingamuikire kumbuyo, nkhani ya njinga yamoto ija ayankhe yekha, koma pa DPC mtima wako ukhale pansi.

Tsono chimene ndikufuna umve ndi ichi. Nguwi sizimera pouma. Zikabwerera, ndiye kuti madzi amene amazidyetsa akubwerabe, ndipo palibe penti, ngakhale utagula yodula ya ku Joni konko, imene ingatseke madzi akuchokera kuseri kwake. Usatumize ya penti. Tipeze kaye komwe madzi akulowera.

Ine maganizo anga ali kuseri kwa nyumba. DPC imayenera kukhala pamwamba pa dothi la panja, masentimita 15, tinene mizere iwiri ya njerwa. Ndiye namondwe Freddy atadutsa mu Malichi 2023, matope ochokera kumtunda anadzaunjikana kuseri kuja, mbali ya chipinda cha amayi yomweyo. A pakhomo anachotsa chifukwa ndi pooneka, a kuseri anasiya. Amayi ako, poona dothi labwino lobwera lokha, anadzalapo mpiru ndi maluwa, ndipo amathirira m'mawa ndi madzulo osaphonya. Ndiye dothi lakwera kupitirira DPC. Pepala lija lili pansi likugwira ntchito yake, koma madzi akulilambalala, akulowa m'njerwa za pamwamba pake. Uonjezerepo kuti mbali imeneyo kulibe gutter, kangalande kolandira madzi m'mphepete mwa denga, ndiye madzi onse a padenga amagwera pomwepo n'kumadumphira kukhoma dzinja lonse.

Koma ndisagamule ndisanaone, ndingafanane ndi a ku Zomba. Mlongo wako, poti ali chete, apeze chochita. Akayang'ane pomwe pathimbirira. Ngati ndi m'munsi, kuyambira pa sikating'i kukwera, pali mzere wokhotakhota, pulasitala akufumbutuka ndipo pali timchere toyera, amenewo ndi madzi a pansi. Kawirikawiri sapitirira mita imodzi, cha m'chiuno umu. Ngati ndi m'mwamba, pakona ya siling'i, ndipo pamakula mvula ikagwa, akwere akaone misomali ya malata ndi pamsonga pa denga pomwe malata akumana. Koma adziwe kuti madzi amatsata thabwa, pomwe akudonthera si pomwe alowera, akhoza kukhala atayenda ndithu kuchokera mbali ina. Chikakhala chigamba cha pakati pa khoma, chosasamala kuti ndi dzinja kapena chilimwe, atseke mipopi yonse usiku, alembe manambala a pa mita, m'mawa aonenso. Ndipo awauze anthu asagwetse madzi kuchimbudzi usiku umenewo, tingadzagumule khoma pachabe.

Palinso china chimene anthu savomera, madzi ochokera m'nyumba momwemo. Juni, Julaye, chiperoni chikafika ku Blantyre, amayi ako amatseka mawindo onse. Timabowo ta mpweya tija anatitseka kale ndi manyuzipepala kuopa udzudzu. Zovala zosauma amayanika m'chipinda, mbaula amalowetsa. Mpweya wonyowa wonsewo ukagunda khoma lozizira umasanduka madzi, makamaka kuseri kwa wodiropu komwe mphepo siidutsa. Mwaonapo malata akudontha m'mawa kunja kulibe mvula? Ndi zomwezo. Za mbaula zokha ndikunena mosaseka, ndipo wina awamvetsere mbali imeneyi: makala m'chipinda chotseka amapha munthu ali m'tulo, mpweya wake suoneka, sununkha.

Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Adule pepala la pulasitiki, ngakhale la shuga lomweli, alipukute, alimate pakhoma pothimbirirapo ndi tepi mbali zonse zinayi, mpweya usalowe. Alisiye masiku awiri. Madontho akakhala kunsi, mbali yoyang'ana khoma, madzi akuchokera m'khomamo. Akakhala kunja, mbali ya chipinda, ndi mpweya wa m'nyumba. Zikhoza kupezeka zonse ziwiri, sindingadabwe.

Ndiye wamva, msuweni? Penti ayi. Madzi kaye. Chaka chatha munapaka pamwamba pa khoma lonyowa, n'chifukwa chake lero tikukambiranso.

Padakali pano amayi asamukire chipinda chako chija, ndi chifuwa chawo cha mphumu chija asamagone ndi nguwi kumutu. Katundu wako amene wadzaza mmenemo, makatoni aja umati udzatsegula ukadzabwera, asunthidwe. Wodiropu aikokere kutsogolo pang'ono, dzanja lizilowa kuseri. Manyuzipepala atuluke m'mabowo muja, aikemo sefa ya udzudzu. Zakudazo mlongo wako atsuke ndi Jik wosungunula m'madzi, mawindo ali otsegula, m'manja atavala kanthu, kukamwa atatseka. Asasakanize Jik ndi mankhwala otsukira chimbudzi, mpweya wake ndi woipa, ndikumudziwa mlongo wako amakonda kuonjezera mphamvu pa chilichonse. Ndipo asakwechese pouma ndi burashi, fumbi lakelo ndi limene limalowa m'chifuwa.

Tikachotsa dothi lija, tikaika gutter ndi kakhonde ka simenti kopendekera kunja, khomalo lipatsidwe nthawi. Njerwa yomwa madzi siuma sabata imodzi, imatenga miyezi. Pulasitala wofumbutukayo agumulidwe chifukwa mchere uja umakoka chinyontho. Tidzapake chilimwe chitakhwima, ndipo ikhale penti ya madzi kapena laimu, osati ya mafuta, kuti khoma lizitha kutulutsa chinyezi.

Wati utumize zingati? Lero palibe. Fosholo ndi wilibala zilipo pakhomo, mwini mphamvu aliponso. Ya gutter ndi simenti ndikuuza ndikaona zithunzi, ndipo udzatumize kwa ine... ayi ndikuseka, udzatumize kwa amayi, ine sindifuna kudzalembedwa pagulu. Chachikulu ndi chomwe chija, tisagule kanthu tisanadziwe komwe madzi akuchokera.

Iwe mlongo wake, ndikudziwa ukumvera. Ndikufuna chithunzi cha khoma m'kati, china cha kuseri pomwe pali mpiru, china cha mita. Pojambula m'katimo uimike botolo la Fanta pansi, kutsamira khoma, kuti ndione msinkhu wa pothimbirirapo. Lero, kusanade. Koma zoti mpiru uja uzulidwe, msuweni, ukawauze ndiwe amayi ako, uwaimbire wekha. Ine sindiyambako.