Funsani Makaniko: Thirakitala yokana kulira m'mamawa wa Juni

Makalata ambiri amene afika mwezi uno akudandaula chinthu chimodzi. Ndasankhapo awiri.

FUNSO

Bambo Makaniko, ndine mayi wamasiye wa ku Chadiza. Malemu amuna anga anandisiyira thirakitala ya Massey Ferguson 290, ndipo amaiyendetsa ndi mwana wanga wachisamba. Nthawi yolima, mu Okutobala ndi Novembala, timangokhudza kiyi, basi yalira. Koma chiyambire Juni yasanduka ina. M'mawa imazungulira mwaulesi, n'kumatulutsa utsi woyera wowawa m'maso, osalira. Anyamata amasonkha moto wa zitsononkho pansi pa injini. Masiku ena timadikira mpaka 10 koloko, anthu amene tinapangana kuwatong'olera chimanga ndi shela ali chikhalire ndi matumba awo. Wina akuti injini yatha, ndigulitse ng'ombe ziwiri. Wina akuti ndigule kasipuleyi kolizira. Nditani?

YANKHO

Mayi, ndakumvani, ndipo ng'ombezo zisiyeni kaye m'khola. Ine ndayamba kugona pansi pa mathirakitala ndili mnyamata, kuno ku Chipata, ku Katete mpaka ku Lundazi, ndipo chaka chilichonse mwera ukayamba kuwomba madandaulo ake ndi omwewa. Mwa onse amene amandiitana mu Juni ndi Julaye, ndi ochepa amene ndimawapeza kuti injini yathadi.

Kuzizira kwa kwathu kuno n'kochepa kwa injini ngati yanuyo. Ife timanjenjemera ndithu, pakuti tili pamtunda wa mamita opitirira 1,000, ndipo mbandakucha wa Julaye kumazizira mpaka madigiri 10 kapena kucheperapo, makamaka m'mphepete mwa dambo. Koma injini ya Perkins imene ili mu 290 kwawo ndi ku England, komwe madzi amauma gwa m'ndowa, ndipo kumeneko imalira. Ikamakana ku Chadiza ndiye kuti ili ndi kanthenda kamene dzuwa la Okutobala linkabisa. Chisanuchi changokaulula.

Injini ya dizilo ilibe mapulagi othetheka moto ngati ya petulo. Pisitoni imapanikiza mpweya mpaka kukhala gawo limodzi mwa magawo 16, mpweyawo n'kutentha kupitirira madigiri 500, ndipo dizilo akapoperedwamo amayaka yekha. Kumbukirani pampu ya njinga. Mukapopa mofulumira imatentha m'manja, mukapopa pang'onopang'ono imakhala yozizira. Injini ikamazungulira pang'onopang'ono, kutentha kuja kumathera m'zitsulo zozizira, mpweya wina n'kumapulumukira m'mbali mwa malingi a pisitoni. Dizilo amalowa koma sapsa. Utsi woyera ukukuwawani m'masowo ndi dizilo wosapsayo, ndipo ine ukundisangalatsa, chifukwa ukusonyeza kuti mafuta akufika. Chikuperewera ndi kutentha.

Mawu anu aja akuti "mwaulesi" ndi amene andigwira mtima, choncho tiyambire pa batire.

Mwana wanu amasule mateminolo onse awiri, kuyambira la maina, lolembedwa kamzere. Akapezapo ufa woyera kapena wobiriwira, atsuke ndi madzi ofunda othira soda yemweyu wophikira therere, kenako apale mpaka chitsulo chiti mbee, amange zolimba, apakepo girisi pang'ono pamwamba. Asathere pomwepo. Alondole waya wamkulu wochoka ku batire kukamangidwa pa thupi la thirakitala, ndi wina wopita ku sitata. Chaka chatha kufupi ndi Sinda ndinapeza mlimi atagula mabatire awiri m'miyezi itatu. Ndinamuuza azungulitse injini kamphindi, ine n'kumakhudza molumikizira mawaya. Nditafika pa bawuti ya waya wa pathupi uja, ndinachotsa chala msanga, inali yotentha ngati yochoka pamoto. Pansi pake panali dzimbiri lokhalokha. Tinapala, tinamanga, thirakitala inalira batire lakale lija lili pomwepo. Polumikizira paliponse pamene pakutentha mukazungulitsa injini, ndi pamene mphamvu ikutayikira.

Mukapeza wokhala ndi kamita koyezera magetsi, ngakhale mnyamata woika masola pamsika, muuzeni ayeze m'mawa injini isanalire. Batire lodzaza limaonetsa mavoti 12.6. Likaonetsa 12.2 ndiye kuti lili theka. Pozungulitsa injini lisatsike kwambiri pansi pa 10, ndipo injini ikalira muone pafupifupi 14. Mukapanda kuona 14, batire silikudya, ndipo olakwa amakhala lamba wa fani wokhwepa kapena alitaneta, kamakina kotchaja batire. Funsaninso mofatsa ngati batire limeneli silikugona m'nyumba kuyatsa wailesi yakanema ndi kutchaja mafoni. Ndaziona m'midzi yambiri. Kuligoneka m'nyumba usiku wozizira n'kwabwino, chifukwa batire lofunda limakhala ndi mphamvu kuposa lozizira, koma ligone osagwira ntchito ina.

Oyilo nayenso amalemetsa injini. Ngati mukuthira SAE 40, m'mawa wa Juni amakhala ngati uchi, sitata n'kumavutika kukoka. Posintha oyilo ulendo uno thirani 15W-40 wa injini za dizilo. Amayenda msanga pozizira ndipo salephera kutentha kwa Okutobala.

Tsopano chinthu chimene madalaivala ambiri achinyamata sadziwa n'komwe kuti chilipo. Pa paipi yachitsulo yolowetsa mpweya m'injini pali kachitsulo kokulungira, kokhala ndi waya mmodzi wamagetsi ndi kapaipi kakang'ono ka dizilo. Dzina lake ndi Thermostart, ife timangoti hita. Mukatembenuza kiyi kufika pa malo otenthetsera n'kumugwira pomwepo, kawaya kam'kati kamafiira, dizilo amadontherapo, ndipo kamoto kamayaka m'paipimo kufunditsa mpweya. Moto umene anyamata anu akuufuna ndi zitsononkho, opanga thirakitala anauika kale pa malo ake oyenera. Kuiyesa n'kosavuta: gwirani kiyi pa hita masekondi 15 mpaka 20, kenako khudzani paipiyo pafupi ndi hitayo. Ikhale yofunda. Ikakhala zii, onani ngati waya sanaduke kapena kapaipi ka dizilo sikanatsekeke. M'mathirakitala akale ndimapeza kawirikawiri waya uja akungolendewera, wina anamudula kalekale. Hita yatsopano mtengo wake sufika ngakhale wa mbuzi, ndipo m'masitolo a zipangizo za mathirakitala ku Chipata mukaifunse ndi dzina lakelo.

Zonsezi zikakhala bwino, mwana wanu aziliza chonchi. Akhale pampando, buleki ya pamanja ili yomanga. Giya pa nyutulo, ndi kandodo kakafupi ka hai ndi lo nako pakati, pa chilembo S. PTO, chitsulo chozungulira chakumbuyo chimene chimayendetsa shela, ikhale yochotsa, pakuti shela ikakhala yolumikiza, sitata imazungulitsa injini ndi shela yomwe. Kachingwe kozimitsira akakankhire m'kati konse, mafuta atsegule, aponde kilatchi mpaka pansi. Kenako kiyi pa hita, awerenge mofatsa kufika 15. Apa ndi pamene achinyamata amalephera, amawerenga kufika 4 n'kupotokola. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Akazungulitsa asapitirire masekondi 15. Ikakana apumitse sitata mphindi imodzi kapena ziwiri, abwererenso pa hita. Ikalira abweze mafuta msanga, injini iziyenda modekha mphindi zitatu kapena zisanu oyilo afike paliponse, ndiye alumikize shela.

Madzulo muziiimika m'shedi kapena kuseri kwa nyumba kobisika ku mwera, kumene dzuwa la m'mawa limayambira kuwomba. Kufunditsa boneti ndi lona kumathandizanso.

Za moto uja, Mayi, ndikupempheni ngati mlongo wanga: lero lomwe ulekeke. Pansi pa injini yakale pamakhala oyilo wodontha, mapaipi a dizilo, mawaya, ndipo nyengo ino pamadzaza mankhusu ndi makoko a chimanga ouma. Ndinaonapo thirakitala itatsala zitsulo zokha, matayala akufuka mpaka madzulo, mwini wake atagwira m'mutu pansi pa mtengo wa mango. Ngati mukufuna kufunditsa injini, thirani madzi ofunda, osati owira, pambali pa injini ndi pa paipi ya mpweya ija, mopewa alitaneta, sitata ndi polowera mpweya.

Kasipuleyi kaja musagule. M'kati mwake muli ether, amene amaphulika msanga pisitoni isanafike pamwamba, ndipo kugogoda kwakeko kumathyola malingi. Mukamva anthu akunena kuti thirakitala yawo inazolowera sipuleyi, moti popanda iyo siilira, dziwani kuti malingi anapita. Choopsa kwambiri n'kupopera ether hita ili yoyaka: amaphulikira m'paipi ya mpweya, pamaso pa wopoperayo.

Mukachita zonsezi, injini n'kumazungulira mwamphamvu, hita ikufunda, koma utsi woyera osatha, ndiye muitane makaniko. Ayambe ndi zotchipa. Achune mavavu, mpata wake pa injini imeneyi ndi 0.30 mm ili yozizira. Achotse manozo anayiwo akayezetse kwa okonza mapampu a dizilo, chifukwa nozo yotopa imadontheza dizilo m'malo momuwaza ngati nkhungu, ndipo madontho sayaka pozizira. Pomaliza ayeze mphamvu ya mpweya m'masilinda ndi geji, inu mukuona. Injini yothadi imadziwika ngakhale masana: imadya oyilo, imafuka utsi wabuluu, kapaipi kopumira kapambali kamafwenthera utsi ngati ketulo, ndipo pa pulawo imafooka. Inu simunatchule chimodzi mwa zimenezi. Munthu asakuuzeni za ng'ombe asanakuonetseni geji.

Ndipo poti muli pa ntchito ya shela, fyuluta ya mpweya muziiona tsiku ndi tsiku. Fumbi la chimanga likalowa m'injini limapala malingi ngati mchenga.

FUNSO

Amalume, ndimayendetsa Massey Ferguson 135 ya kopaletivu yathu ku Petauke, kututa chimanga ndi ngolo kupita ku depoti ya FRA, bungwe la boma logula chimanga. M'mawa imalira pang'ono n'kuzima, kenako imangozungulira popanda utsi uliwonse. Dizilo timagula wa m'zigubu. Anzanga akuti dizilo amagwirana ndi chisanu, ndizisakanizako palafini kapena petulo. Komanso poikira kiyi panawonongeka, ndimaliza ndi sipanala pa sitata.

YANKHO

Mphwanga, vuto lako ndi losiyana ndi la mayi a ku Chadiza. Popanda utsi ndiye kuti mafuta sakufika. Dizilo amagwiranadi ngati phula m'mayiko ozizira, kukazizira kufika poumitsa madzi kapena kupitirira apo, koma ku Petauke zimenezo usaziganizire. Petulo usathiremo ngakhale kapu imodzi. Palafini naye ndi wouma, pomwe pampu ya dizilo ya CAV ili pa injini yakoyo imadalira dizilo yemweyo kuti zitsulo zake zisakhulane. Ukaipha pampu imeneyo kopaletivu idzalira chaka chonse.

Adani ako ndi madzi ndi mpweya. Thanki ikagona theka, usiku wozizira m'kati mwake mumachita mame ngati pa malata, ndipo madziwo amatsikira pansi pomwe paipi imakokera. Onjezerapo za m'zigubu. Uzidzaza thanki madzulo poweruka, osati m'mawa. Dizilo wa m'chigubu azikhala tsiku lathunthu osagwedezeka, uthire kudzera pa sefa, wotsalira pansiyo usathire. Yang'ana kambale kagalasi kapansi pa thanki kapena pa fyuluta: madzi amaoneka okha pansi, dizilo ali pamwamba. Khuthula, tsuka, ndipo ngati fyuluta yakhalitsa, sintha.

Kulira n'kuzima kumasonyezanso kuti mpweya ukulowa usiku, dizilo n'kubwerera m'mbuyo. Fufuza pamene pali ponyowa m'mapaipi, pa mawashala ndi pa labala ya fyuluta. Ukamanga, chotsa mpweyawo: masula kabawuti kapamwamba pa fyuluta, popa ndi kandodo ka pampu yaing'ono yapambali pa injini mpaka thovu litatha, umange, uchitenso chimodzimodzi pa timabawuti tiwiri ta pa pampu yaikulu ya CAV ija, kuyambira kapansi. Ikakanabe, khwefula pang'ono mapaipi a ku manozo, zungulitsa mpaka dizilo atalavula, dzanja lili kutali chifukwa dizilo wa pamenepo amaboola khungu.

Koma chandisowetsa tulo m'kalata yako ndi sipanalayo. Ukaima pansi kugunditsa sitata, waima kutsogolo kwenikweni kwa tayala lalikulu lakumbuyo, ndipo wadumpha kaswitchi kamene kamaletsa injini kulira ili m'giya. Ndili wophunzira ntchito, pa famu ina panali dalaivala amene ankandigawira mbatata yootcha m'mawa uliwonse wa Juni. Ankaliza chomwechi kwa zaka, osaona vuto. Madzulo ena mnzake anaimika thirakitala m'giya chifukwa buleki inali yofooka, osamuuza. M'mawa mwake ine ndinali pa mtunda wa mapazi khumi, ndowa ya madzi ili m'manja. Injini inalira kamodzi kokha, thirakitala n'kudumpha. Anapulumuka, koma mwendo wamanzere anausiya ku chipatala, ndipo sanakwerenso thirakitala.

Tenga kalata ino ukaiwerenge pamaso pa apampando ndi asungichuma a kopaletivu. Switchi ya kiyi ndi yotchipa, ndipo kuimanga ndi ntchito yosafika ola limodzi. Uwauze agule yokhala ndi malo a hita, kuti ndi hita yomwe iyambenso kugwira. Mpaka itamangidwa, thirakitalayo igone m'shedi, chimanga chipite pa ngolo ya ng'ombe.