Makina a DNA ogwiritsa ntchito pamodzi: ndalama tipemphe kuti?

Mphunzitsi wina wa pa yunivesite kuno ku Lilongwe watilembera imelo. Akuti madipatimenti atatu akufuna kukhala ndi zipangizo zimodzi zopimira DNA kuti afufuze komwe makolo athu anachokera. Akufunsa kopempha ndalama ndi choyamba kugula.

Aphunzitsi, yambani mwasankha mtundu wa DNA yomwe muzipima. Ya mafupa akale, ngati aja anafukulidwa ku Hora m'boma la Mzimba, ku Fingira pa Nyika ndi ku Chencherere ku Dedza, imapezeka ili tizidutswa, tambiri tosafika zilembo 100 (timagawo tolumikizana timene timapanga DNA), ndipo kungokhudza fupalo ndi chala mwasakaniza kale DNA yanu. Imafuna chipinda chakechake, kutali ndi kopangira PCR (njira yochulukitsira tizidutswa ta DNA). Musayambire pamenepo. Yambani ndi malovu kapena magazi a anthu amoyo, eni ake atavomera ndiponso komiti ya NHSRC, yovomereza kafukufuku wa zaumoyo m'dziko muno, italoleza.

Zoyamba kugula ndi firiji ya -80°C, centrifuge (makina ozungulitsa masampulo mwaliwiro kuti alekanitse zam'kati mwake), makina a PCR ndi Qubit yoyezera kuchuluka kwa DNA. Makina aakulu a Illumina, owerenga zilembo za DNA, ayambe adikira, masampulo mukhoza kutumiza kunja pa mgwirizano wolembedwa.

Kopempha kulipo: NCST (bungwe la boma loona za sayansi ndi luso) kuno komwe, Wellcome (bungwe la ku Britain lothandiza kafukufuku wa zaumoyo), ndi Seeding Labs amene amapereka zida za labotale. Koma chimene chimatipweteka mtima n'kuona makina atsopano atafundidwa nsalu chaka chachiwiri chisanathe. Chifukwa chake chimakhala chimodzimodzi: pempho linali la mtengo wa makina okha. Mgwirizano wokonzetsa makina umadya pafupifupi 10 peresenti ya mtengo wake chaka chilichonse, ndiye muulembe m'bajeti kwa zaka zosachepera zitatu. Lembaninso malipiro a tekinishani mmodzi wokhazikika, UPS (batire yogwirizira makina magetsi akazima), inveta kapena jenereta ndi mafuta ake. Firiji ija imatulutsa kutentha kwambiri, imafuna chipinda chozizira, ndipo magetsi akazima usiku popanda alamu, m'mawa mupeza firijiyo itayamba kale kutentha mkati. Zida zochokera ku America zambiri ndi za 120V pomwe athu ndi 230V; funsani musanavomere mphatso.

Mankhwala opimira amagulidwa ndi madola. Popeza ndalama zakunja zimavuta, pemphani kuti gawo limenelo wopereka thandizo azilipira yekha kwa ogulitsa, ndipo mapepala a MRA akonzedwe katundu asanafike pa bwalo la ndege la KIA, chifukwa ayezi wouma woziziritsa mankhwalawo m'bokosimo amatha m'masiku ochepa.

Nkhani ya umwini musaizengereze. Akulu a madipatimenti atatuwo asainirane kuti makina akhala chipinda chiti, kiyi asunga ndani, ndipo wogwiritsa ntchito azilembetsa m'buku liti. Aliyense azilipira pa sampulo iliyonse, ngakhale dipatimenti yosunga makinayo, ndipo ndalamazo zizilowa mu akaunti yakeyake yokonzetsera makina. Kalata yosainiranayo muiphatikize ku pempho lanu, chifukwa opereka thandizo amafuna umboni woti makinawo agwiradi ntchito kwa anthu ambiri.